Kufufuza Malo a Zithunzi Zakale pa Msewu wa Golodi

Mawu Oyamba

M'sutikesi yachitsulo ya malemu agogo anga aamuna, obereka mayi, mudali zithunzi zitatu zomwe palibe aliyense pabanja pathu ankadziwa pomwe zidajambulidwa. Agogowo kwawo kudali ku Mzimba, koma adakwatira ku Dowa komwe adakhala mpaka imfa yawo m'chaka cha 2011. Ali mnyamata adaphunzira ukalipentala ku Khondowe, kapena kuti Livingstonia, m'boma la Rumphi. Pachithunzi choyamba pali iwowo ataima m'mbali mwa msewu, kumbuyo kwawo kukuoneka nyanja ndi phiri lathyathyathya pamwamba. Kuseri kwake adalemba okha kuti "Golodi, 1956". Chachiwiri n'chakale kwambiri, chidachita kufiira, ndipo chikuonetsa amuna okhala ndi makasu ndi madengu akugwira ntchito pakona pena pa msewu. Chachitatu chikuonetsa gombe la nyanja kuchokera pamwamba.

Agogo aakazi, omwe tsopano maso akuwavuta chifukwa cha ng'ala, adandiuza kuti chithunzi choyambacho chidajambulidwa tsiku lomwe amuna awo ankatsika phiri atamaliza maphunziro. Adawalonjeza kuti adzawatenga kukaona malowo, koma zaka zidangopita osapeza mpata. "Iwe umayenda," adatero agogo, "kandionere pomwe adaima agogo akopo, udzandionetse maso anga asanatsekeretu." Mawu amenewa ndiwo adandipititsa ku Chitimba m'mwezi wa Juni 2024.

Nkhani ino ikufotokoza njira zomwe ndidatsata pofananitsa zithunzizi ndi malo ake monga alili lero, zomwe ndidapeza, komanso gawo lomwe maphunziro a chiyankhulo ali nalo pa ntchito yotereyi.

Mbiri ya Msewuwu Mwachidule

Amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland adafika pa Cape Maclear m'chaka cha 1875 pa sitima yotchedwa Ilala. Malungo atawavuta adasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws adasankha Khondowe, malo okwera pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja, kuti amangepo sukulu yaikulu ya Overtoun Institution. Nyumba ya miyala yomwe ankakhalamo, yotchedwa Stone House, idamangidwa mu 1903, ndipo pofika 1905 pamishonipo padali magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi pafupi ndi mathithi a Manchewe.

Katundu yense wolemera, monga mapaipi a madzi, makina ndi zitsulo, ankabwera pa sitima n'kutsitsidwa pagombe, kenaka amtengatenga ankamusenza kukwera naye phiri. Ichi ndicho chidachititsa kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 akumbe msewu wochokera kunyanja kukafika ku Khondowe. Msewuwu, womwe anthu amautcha Golodi, ndi wotalika makilomita pafupifupi 15 ndipo uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono. Udakumbidwa ndi manja. Dr Laws adachoka mu 1927, koma msewu udatsala, ndipo ophunzira, odwala ndi amalonda akhala akuudutsa mibadwomibadwo. Ngakhale kuli msewu wina wodzera ku Njakwa, pomwe ine ndinkapita anthu ochokera kunyanja ankakwerabe pa Golodi, ena pansi, ena pa njinga zamoto za kabaza, ena pa matola.

Mayina Monga Umboni Woyamba

Ndisananyamuke ndidayamba ndi mawu olembedwa kuseri kwa zithunzi. Pachiwiri chija padalembedwa ndi pensulo kuti "Florence Bay road", pomwe pachitatu padali "Mt Waller". Mayina awiriwa sindidawapeze pa mapu omwe ndidali nawo. Ndidawapeza m'mabuku akale, kuphatikizapo buku la W. P. Livingstone la mu 1921 lotchedwa Laws of Livingstonia. Florence Bay ndi Chitimba. Mount Waller ndi phiri la Chombe, ndipo Azungu adalitcha choncho pokumbukira Horace Waller, yemwe adakonza ndi kusindikiza zolemba zomaliza za David Livingstone mu 1874. Deep Bay ndi Chilumba. Munthu wofufuza zithunzi kumalo osungira zakale, monga ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, ayenera kudziwa mayina onse awiri, la eni malo ndi la alendo, apo ayi adzabwerera chimanjamanja zithunzizo zili momwemo.

Palinso nkhani ya kalembedwe. M'zolemba zakale dzina la Khondowe limapezeka lili Kondowi kapena Kondowe. Olemba oyambawo sankasiyanitsa k ndi kh chifukwa m'Chingerezi mpweya wotsatira liwuli susintha tanthauzo la mawu. Kwa ife umasintha: kola ndi khola ndi mawu awiri osiyana, chimodzimodzinso pala ndi phala. Dzina la msewu nalonso limalembedwa pawiri, Golodi ndi Gorodi, popeza l ndi r m'Chichewa ndi m'Chitumbuka sasiyanitsa mawu. Kompyuta siyidziwa zimenezi. Ukailembera Golodi imakubisira zonse zolembedwa Gorodi. Choncho ndidalemba m'kope mwanga kalembedwe kalikonse komwe dzina lingakhale nako, n'kumafufuza kamodzikamodzi.

Mayina amathandizanso kudziwa yemwe adalemba. Agogo adalemba Golodi monga ankamvera kwa anzawo. Yemwe adalemba Florence Bay ndi Mt Waller ankagwiritsa ntchito mayina a pa mapu a atsamunda, zomwe zikugwirizana ndi maonekedwe a zithunzi ziwirizo, zoti n'zakale kuposa cha 1956 ndipo agogo adachita kupatsidwa.

Zomwe Zimasintha ndi Zomwe Sizisintha

Kujambulanso malo omwe adajambulidwa kale ndi luso lomwe lili ndi mbiri yake. Sebastian Finsterwalder wa ku Germany adayamba kuligwiritsa ntchito cha m'ma 1888 poyeza momwe madzi oundana a m'mapiri a Alps ankasunthira. Ku America, Mark Klett ndi anzake adayamba mu 1977 kufufuza malo enieni omwe ojambula a zaka za m'ma 1800 adaima, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 1984 m'buku lotchedwa Second View. Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti sikokwanira kupeza phiri lomwe lili pachithunzi. Uyenera kupeza pomwe padaima kamera.

Kuti izi zitheke, zinthu zooneka pachithunzi uzigawe patatu. Gulu loyamba ndi la zinthu zosasintha pa moyo wa munthu: mzere wa mapiri pomwe akumana ndi thambo, matanthwe akuluakulu ndi zigwa. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zosintha pang'onopang'ono, monga makoma a miyala, makalavati ndi mayendedwe a msewu. Gulu lachitatu ndi la zinthu zosadalirika konse: mitengo, minda, nyumba za udzu ndi tinjira. Wofufuza ayambe ndi gulu loyamba, atsimikize ndi lachiwiri, ndipo lachitatu alitenge monga nkhani ya zomwe zasintha osati umboni wa malo.

Kenaka pamabwera kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zapafupi ndi zakutali. Tambasulani mkono, muimike chala chachikulu, mutsinzine diso limodzi kenaka linalo. Muona chala chikudumpha pomwe zakutali zili chikhalire. Zimachitikanso chimodzimodzi ndi kamera. Ngati pachithunzi chakale nsonga ya thanthwe lapafupi yagunda pa mpata wina wa phiri lakutali, ndiye kuti wojambulayo adaima pa mzere wodutsa pa zinthu ziwirizo. Ukapeza zinthu zina ziwiri zogundana chotero mbali ina ya chithunzi, wapeza mzere wachiwiri, ndipo pomwe mizereyo yakumana ndi pomwe padali kamera. Ukasuntha mapazi awiri okha, zogundanazo zimalekana.

Zida zanga zidali zochepa: mafotokope okulitsidwa a zithunzi zitatu zija, pepala lapulasitiki loonekera lomwe ndidajambulapo mzere wa mapiri ndi cholembera, foni, kope ndi botolo la madzi. Zithunzi zenizenizo ndidazisiya kunyumba poopa thukuta ndi fumbi. Ndidasankha mwezi wa Juni chifukwa mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri akutali, pomwe nthawi ya dzinja msewu umaterera ndipo mitambo imakuta nsonga za mapiri.

Chithunzi Chomwe Chidandizunza

Tsiku loyamba ndidanyamuka pa Chitimba mbandakucha. Ndinkaima pakona paliponse n'kuyang'ana kunyanja, pepala langa lili m'manja. Phiri lathyathyathya lija ndidaliona msanga, ndipo anthu adanditsimikizira kuti ndi Chombe. Vuto lidali lakuti pachithunzi cha agogo phirilo lili kumanzere, pomwe paliponse pomwe ndidaima poyang'ana kunyanja lidali kumanja. Ndidaganiza kuti mwina ndikakwera pamwamba msewu ukhota mwina n'kuliika kumanzere. Ndidafika ku Manchewe miyendo ili nyenyenye, phiri lidakali kumanja. Usiku umenewo ndidagona ndi maganizo akuti mwina agogo adalemba dzina lolakwika, kapena chithunzicho n'cha ku Chiweta.

Tsiku lachiwiri, potsika, ndidapeza bambo wina wachikulire atakhala pamwala, thumba la ufa lili pambali. Ndidawapatsa moni m'Chitumbuka changa chopereweracho, iwo n'kuseka, n'kundiyankha m'Chichewa. Ndidawapatsira fotokope ija ndi manja awiri.

"Adada, kodi malo awa mungawadziwe?"

Adaiyang'ana nthawi yaitali, akuisendeza kutali ndi maso. "Ili ndi Chombe, mwana wanga, palibe kukayika. Koma Chombe sakhala uku. Ndabadwira kuno ine. Amene adakujambulirani ichi adaliika phiri mbali ya Chilumba."

Mawu akuti adaliika adandikhala m'mutu. Ndidatenga pepala lapulasitiki lija, n'kulitembenuza, n'kulikweza kuthambo. Mzere womwe ndidajambula udagona bwinobwino pa phiri lenilenilo: phompho lake, kutsetsereka kwake, mpaka kampata kakang'ono ka pakati. Chithunzi cha agogo chidali chotembenuka. Kale zithunzi zinkatsukidwa kuchokera ku filimu kapena galasi loonekera mbali zonse ziwiri, ndipo wotsuka akaliika chadodolido, kumanja kunkasanduka kumanzere. Nditayang'anitsitsa malaya a agogo ndidapeza umboni wina womwe udakhala pamaso pathu zaka zonsezi: thumba la shati lidali kudzanja lawo lamanja ndipo mabatani adamangidwa mbali ya zovala za amayi. Kunyumba tinkangoti ndi masokedwe a kale. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndikadapanda kuwafunsa bambo aja ndikadabwerera ku Dowa kukanena kuti malowo kulibe.

Kudziwa kuti chithunzi n'chotembenuka kudangonditsegulira khomo, chifukwa Chombe amaoneka kuchokera pa makona ambiri. Ndidajambula fotokope ija pa foni n'kuitembenuza, kenaka ndidasankha zizindikiro ziwiri. Choyamba chidali thanthwe long'aluka pakati lomwe lili kumbuyo kwa bondo la agogo, lomwe nsonga yake yalunjika pomwe phompho la Chombe lathera. Chachiwiri chidali kamtunda kapafupi komwe kabisa mbali ina ya gombe. Bambo aja adati thanthwe lotero akulidziwa, lili makona angapo kumunsi, pomwe anthu okwera amakonda kupumira. Adasenza thumba lawo n'kupitiriza ulendo wokwera, ine n'kutsika.

Thanthwelo ndidalipeza, ngakhale kuti theka lake lidakwiririka ndi dothi logumuka kumtunda ndipo mtengo wa msuku udamera m'mng'alu mwake. Kulilunjikitsa ndi phiri kudanditengera pafupifupi ola lathunthu. Ndikasunthira kumanja, nsonga ya thanthwe inkalowa m'kati mwa phiri; ndikabwerera kumanzere, inkagwera m'nyanja. Zitagundana, kamtunda kaja kadali kakubisabe gombe lochuluka kuposa pachithunzi, kusonyeza kuti ndidali pansi kwambiri. Ndidakwera pachigumula cha m'mbali mwa msewu, kutalika ngati kufika m'chiuno, ndipo zonse zidakhala m'malo mwake. Apa ndidaphunzira zinthu ziwiri: mwina wojambulayo adakwera pamtunda dala, kapena msewu udatsika chifukwa cha kukokoloka ndi kupalidwa kwa zaka 68. Ndidaonanso kuti foni imatenga malo aakulu kuposa kamera yakale ija. Njira yake ndi kudula m'mbali chithunzi chatsopanocho pambuyo pake. Kusendera pafupi kuti zinthu zikule kumasokoneza kugundana konse kuja.

Chotsala chidali nthawi. Pachithunzi chokonzedwacho mthunzi wa agogo wagwera pambali pawo, kudzanja lamanja la woonera, komwe ndi kummwera, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a msinkhu wawo. Livingstonia ali pa madigiri 10 ndi theka kummwera kwa equator. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa la masana limakhala kumpoto, motero mithunzi imagwera kummwera. Mu Disembala limakhala kummwera pang'ono ndipo mithunzi ya masana imakhala yaifupi zedi. Ndidadikira mpaka dzuwa lili paliwombo, n'kupempha mnyamata wina wodutsa kuti andijambule nditaima pomwe adaima agogo. Mthunzi wanga udagwera mbali yomweyo ndi muyezo womwewo. Agogo adatsika phirili masana, nyengo yozizira ya 1956.

Zithunzi Ziwiri Zotsala

Chithunzi cha gombe chidandiphunzitsa kuti nyanja siyili m'gulu la zinthu zosasintha monga ndinkaganizira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a nyanja ya Malawi adali otsika kwambiri, moti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 adaleka kutuluka bwino mumtsinje wa Shire. Mu 1980 adakwera kwambiri, ndipo mu 2024, chaka chomwe ine ndidapita, adakweranso mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Pachithunzi chakalecho mchenga ndi wotambalala ndipo pali kachilumba ka miyala komwe ine sindidakaone. Ndikadadalira maonekedwe a gombe ndikadakana malo olondola. Mzere wa Chombe ndi mapiri a tsidya lina la nyanja, ku Tanzania, ndiwo udanditsimikizira kuti chidajambulidwa chakumtunda, msewu utatsala pang'ono kufika pamalo athyathyathya. M'munsi mwake, momwe pachithunzi muli nkhalango ya miombo yokhayokha, lero muli minda ya chinangwa ndi nyumba za malata.

Cha amuna okumba msewu chidandikanika. Wojambulayo adaloza kamera kuphiri, kotero mulibe thambo kapena nsonga ya phiri lililonse. Chomwe chilipo ndi khoma la miyala yosanjikiza ndi kukhota kwa msewu. Ndidapeza makona atatu ofanana nacho, koma ena mwa iwo adathiridwa konkire ndipo makoma adakonzedwanso. Mtima unkafuna kuti ndingosankha pamodzi pomwe padaoneka bwino n'kulemba kuti ndi pamenepa. Ndidadziletsa, chifukwa ndikadatero wina adzatenga bodza langalo n'kuliika m'nkhani yake monga zoona. M'kope ndidalemba malo atatuwo ndi zifukwa zake.

Komabe chithunzi chimenechi ndicho ndachiyang'ana kwambiri chibwerereni. Ndidawerengamo amuna 14. Ena avala nsalu m'chiuno mokha, onse alibe nsapato, ndipo mmodzi wasiya kukumba n'kuyang'ana kamera. Mawu a kuseri atchula doko ndi msewu, koma sadatchule munthu ndi mmodzi yemwe. M'kalasi ya zolembalemba timaphunzira kufunsa kuti akuyankhula ndani m'nkhani, nanga wangokhala chete ndani. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa kwa mawu ofotokoza zithunzi. Mayina a amuna amenewa, ngati alipo, ali m'kamwa mwa zidzukulu zawo ku Chitimba, ku Manchewe ndi ku Khondowe, m'Chitumbuka, ndipo amene angawatole ndi ife ophunzira ziyankhulo, tikapita ndi zithunzi m'manja n'kukakhala pansi ndi akuluakulu.

Mawu Omaliza

Kwa mnzanga aliyense wofuna kuyesa ntchitoyi, kaya pa Golodi, pa msewu wokwera phiri la Zomba kapena wotsikira ku Chikwawa, malangizo anga ndi awa. Yambani ndi mawu a kuseri kwa chithunzi ndipo mufufuze mayina akale ndi kalembedwe kake konse. Jambulani mzere wa mapiri papepala loonekera, ndipo ukakana kugwirizana, litembenuzeni musanataye mtima. Dalirani miyala kuposa mitengo ndi madzi. Onetsani chithunzicho kwa anthu obadwira pamalopo, ndipo mulembe mawu awo monga awanenera, chifukwa yankho langa lidali m'mneni mmodzi wa bambo aja. Pomaliza, lembani tsiku, nthawi, malo ndi mayina kuseri kwa zithunzi zanu zatsopano kuti odzabwera m'mbuyo mwanu asadzavutike monga ndidavutikira ine.

Nditabwerera ku Dowa ndidatsukitsa zithunzi ziwiri zazikulu, cha agogo chokonzedwa ndi changa, n'kuziika pamphasa panja pomwe padali kuwala. Agogo aakazi adaziyandikitsa kumaso chimodzichimodzi. Cha nyanja ndi phiri sadachedwe nacho. Adakhalitsa pa nkhope ya amuna awo, kenaka adati, "Eya, tsopano ndi iwowo. Chipsera chija chidali tsaya ili. Ndinkadabwa zaka zonsezi, koma ndinkati mwina ndine ndaiwala." Adandiuza kuti chakale chija ndibwezere m'sutikesi, ndipo chokonzedwacho ndichikhome pakhoma pafupi ndi zenera.